Kwa a MACRA, aphungu athu ndi a khonsolo ya Zomba: za pepala lomwe anandikulungira zitumbuwa

Mabwana ndi madona, ndakupatsani moni nonse.

Ine ndine mayi wa muno mu Zomba, ndimakhala ku Chikanda, ndili ndi kashopu ka fotokope ndi kutayipa makalata chakufupi ndi depoti, pakhomo pakepo ndinaikanso katebulo ka ejenti wa ndalama za pafoni. Sindine loya, sindili mu chipani chilichonse ndipo palibe bungwe lomwe landituma. Kalatayi ndikuilemba poyera dala kuti mawa wina asadzanene kuti siinafike pa desiki pake.

Tsiku lina Loweruka ndikuchokera ku Mpondabwino ndinagulira ana zitumbuwa, mayi wogulitsayo anandikulungira mu pepala ngati mmene amachitira ndi aliyense. Kufika kunyumba ndikutambasula pepala lija nde ndikuona kuti ndi fomu yodzadza ndi bolopeni, mizere mizere. Dzina lonse, nambala ya foni, nambala ya chiphaso cha unzika, mudzi, mfumu, ndalama yomwe munthu wakongola, chikole chomwe wapereka, mpaka dzina la wachibale woti akamupanikize mwiniwake akathawa ngongole. Anthu oposa khumi pa pepala limodzi, mafuta atadonthera pa mayina awo. Pa mzere wachinayi panali mayi wina amene timapemphera limodzi, mayi waulemu wake, amene sanauzepo munthu kuti zinthu zamuthina mpaka kupereka makina ake osokera ngati chikole. Ine ndinadziwa tsiku limenelo iye osafuna. Lamulungu lake kutchalitchi ndinalephera kumuyang'ana kumaso.

Ofesi yomwe kunachokera pepalalo sinditchula chifukwa si vuto la ofesi imodzi ayi. Ndipo ndisaloze anzanga okha chala, nanenso ndinkachita zomwezo. Pa shopu panga tsiku lililonse kumabwera anthu kudzajambulitsa chiphaso, wina akufunsira ntchito, wina akukatsegula akaunti ku banki, mwana wa ku Chanco akufuna ngongole ya sukulu, makina akatulutsa pepala lakuda kapena lopendekeka timaliika pambali nkujambulanso lina, nde mapepala a pambaliwo akakwana mulu ndinkawagulitsa kwa azimayi a mandasi ndi anyamata a tchipisi. Nkhope za anthu, masiku awo obadwa, manambala awo, zonse ndinkagulitsa pa mtengo wa pepala lotaya. Palibe anandiuzapo kuti nkulakwa ndipo ine sizinandibwerere mmutu. Kuyambira Loweruka limenelo ndimang'amba nkuwotcha ndekha madzulo ndisanatseke.

Mwina mukuti nanga pepala la zitumbuwa likukhudzana bwanji ndi intaneti. Likukhudzana kwambiri mabwana, ndipo ndinu amene munazilumikiza. Mu 2017 a NRB, ofesi yopereka ziphaso za unzika, anatilemba anthu oposa 9 miliyoni, anatijambula nkhope, anatenga zidindo za zala zathu. Mu 2018 inu a MACRA, oyang'anira za mafoni, mawailesi ndi intaneti, munati simu khadi iliyonse ilembetsedwe, nambala yosalembetsa idulidwe, tinaima pa mizere padzuwa nkulembetsa. Lero nambala ya foni inamangidwa ku chiphaso, ndalama inamangidwa ku nambala ya foni, feteleza wotsika mtengo ali ku chiphaso chomwecho, voti ilinso komweko. Sindikunena kuti zonsezi nzoipa ayi, chiphaso chatithandiza zambiri. Koma tanthauzo lake ndi loti mzere umodzi wa pa fomu ija ndi kiyi wa nyumba ya munthu, ndipo makiyi amenewa akungoyenda mumsika.

Amayi anga amakhala ku Jali. Mchimwene wanga amene ali ku Joni anawatumizira ndalama ya feteleza, tsiku lisanathe nkomwe munthu anawaimbira nkuwatchula dzina lawo lonse, mudzi wawo, ndi ndalama ndendende yomwe yalowa, nkunena kuti ndine wa ku kampani, akaunti yanu itsekedwa lero mukapanda kudina manambala awa ndi awa. Mayi woti foni anaiphunzirira ku ukalamba, mlendo akumutchulira zonsezo mosaphonya, akanakayika bwanji? Anadina. Ndalama yonse inapita ndipo chaka chimenecho chimanga chawo sichinaone feteleza wobereketsa. Anthu pamudzi anangoti agogo sanachenjere, ife ana tinawakalipiranso, zomwe mpaka lero zimandiwawa. Koma funso loti wakubayo anadziwa bwanji zonsezo palibe analifunsa.

Ine monga ejenti njira imodzi ndikuidziwa. Ndi buku lija timalembamo nambala, dzina ndi ndalama ya kasitomala aliyense. Limakhala pa tebulo chotsegula, wobwera kudzasaina amaona mizere ya anzake onse a tsiku limenelo, wina amangotulutsa foni ngati akuwerenga mesiji koma akujambula tsamba lonse. Palibe za ukatswiri wa kompyuta apa, ndi maso ndi kamera basi.

Nde nkhani ngati izi zikachitika timathamangira mu magulupu a WhatsApp ndi pa Facebook. Kumakhala moto zedi, mavoisi noti a mphindi zisanu zisanu, wina akutukwana makampani, wina akutukwana boma, wa chipani ichi akuti anayambitsa ndi awo, wa chipani icho akuti nanga inu munatani muli m'boma, pofika madzulo nkhani ya agogo obedwa ija yasanduka mkangano wa zipani, mawa lake kwabwera nkhani ya mpira kapena ya mafuta tonse tasamukira kumeneko. Ine ndakhala ndikulemba nawo zimenezi zaka zambiri ndipo sindikudziwa tsamba olo limodzi la buku la ejenti lomwe linaphimbidwa chifukwa cha zolemba zangazo. Ndikudziwanso kuti inu mabwana mumadziwa zimenezi. Mumadziwa kuti mkwiyo wa mu gulupu umatha ndi bandulo, nchifukwa chake simuyankha, mumangodikira kuti tizizire.

Komatu muno ndi mu Zomba, tauni yomwe inaona kuti kumvetseredwa mobisa kumathera kuti. Makolo athu amatiuza za nthawi ija kalata imafika itatsegulidwa kale, munthu amayamba wayang'ana kumbuyo asanalankhule mu bala, ndipo ndende ya Mikuyu ili pompano, si kutali. Mphunzitsi wina wa pa Chanco, a Jack Mapanje, anatengedwa mu 1987 nkukakhala kumeneko mpaka 1991 opanda kuzengedwa mlandu. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi, boma linati kupezeka nayo ndi mlandu, koma anthu anaijambula pa makina a fotokope ngati angawa nkumapatsirana chamseri, ana a sukulu a pa Chanco anatuluka nkuguba muno mtauni kuiikira kumbuyo. Pa 14 Juni 1993 tinavota riferendamu. Ine ndikamayatsa makina anga mmawa nthawi zina ndimakumbukira zimenezo, kuti makina omwe anathandiza kutsegula pakamwa pa dziko ndi omwenso lero akumwaza zinsinsi za anthu mumsika.

Za 2011 ndinaziona ndi maso anga. Mu Febuluwale chaka chimenecho mkulu wa apolisi a Peter Mukhito anaitanitsa a Blessings Chinsinga kukawafunsa za chitsanzo chomwe anapereka mkalasi, chofanizira kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja kuno ndi zomwe zinautsa anthu ku Tunisia ndi ku Egypt. Funso la aphunzitsi linali limodzi, mawu a mkalasi anafika bwanji kupolisi? Sanangodandaula pa khonde ayi. Anasiya kuphunzitsa, anapita kukhoti, anaguba, anayi mwa iwo kuphatikizapo a Jessie Kabwila anachotsedwa ntchito koma anzawo sanabwerere mkalasi, miyezi pafupifupi isanu ndi itatu mpaka a Bingu wa Mutharika analola kuti abwezeretsedwe. Ife a bizinesi tinavutika kwambiri chaka chimenecho chifukwa ana a sukulu akachoka Zomba imafa, ena tinkawanena aphunzitsiwo kuti akutiphera msika. Pano ndimaona kuti chomwe anali nacho iwo ife tilibe mu magulupu athu, anali ndi chinthu chimodzi chomveka chomwe akufuna, anachilemba, ndipo anali okonzeka kutayapo kanthu. Nchifukwa chake lero tili ndi malo otchedwa Academic Freedom Park muno mtauni. Ngakhale mu 2020 pamene achinyamata anachita phokoso pa intaneti kuti mitengo ya deta itsike, zinasunthako chifukwa pempho linali limodzi ndipo aliyense amadziwa khomo loti agogode.

Tsono ife ochepa tayamba kukumana. Loweruka masana pa khonde la shopu yanga, maejenti anzanga, aphunzitsi awiri a pulayimale, mnyamata wa kabaza amene mlongo wake anamufalitsira zithunzi, amayi a banki mkhonde, ndi ana a sukulu ya malamulo a pa Chanco amene amatiwerengera malamulo nkumatimasulira. Tilibe dzina, tilibe wapampando, tilibe alawansi. Akuluakulu anati wamva mmimba ndiye amatsekula chitseko, nde ife tamva.

Anawo ndi amene anatitsegula maso kuti gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limanena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wa chinsinsi, asasechedwe thupi, nyumba kapena katundu mwachisawawa, asalandidwe zinthu zake, ndipo zolankhulana zake, kaya ndi kalata kaya ndi foni, pasalowerere wina. Anatiuzanso kuti kuli lamulo la Data Protection Act lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2024, ndipo oliyang'anira ndinu a MACRA. Lamulo limeneli likuti wotenga mbiri ya munthu azinena chomwe akuitengera ndipo asaigwiritse ntchito ina, aziisunga mosamala, mwiniwake ali ndi ufulu wofunsa kuti mukusunga chani za ine, wouza kuti konzani apa mwalakwitsa, ngakhale wouza kuti fufutani. Likutinso mbiri za anthu zikabedwa wosungayo azikudziwitsani inu pasanathe maola 72. Titamva izi tinayang'anana, chifukwa pa tonsefe panalibe olo mmodzi amene analimvapo, chonsecho theka la ife ntchito yathu tsiku ndi tsiku ndi kugwira mbiri za anthu.

Ndipo ndikuuzeni chinthu china chomwe mwina muli mmaofesimo simuchidziwa. Kuno mawu oti deta amatanthauza bandulo. Mukamalengeza za kuteteza deta, munthu wa ku Songani kapena ku Thondwe amamva kuti mukufuna kuletsa makampani kutidyera bandulo msanga, amasangalala nkupitiriza ulendo. Simungateteze munthu ndi lamulo lomwe olo dzina lake lenilenilo akulimva mwina. A MACRA, limasulireni lamuloli mu Chichewa, mu Chiyao, mu Chitumbuka ndi zilankhulo zina, osati buku lonenepa ayi, masamba awiri oti ndingamate pa khoma la shopu, onena kuti chiphaso chako, nambala yako, matenda ako, ngongole yako ndi zako ndipo wozimwaza ali ndi mlandu. Muno muli wailesi ya Chanco, muli YONECO FM, bwerani mudzakhale pamenepo ola lathunthu mafoni atatsegulidwa anthu akufunseni okha. Ndipo mutiuze khomo. Mayi wa ku Jali kapena wa ku Kachulu akabedwa mbiri yake apite kuti, aimbe nambala iti yaulere, akalankhule ndi ndani mu chilankhulo chake? Asamachite kufuna thiransipoti ya ku Blantyre kapena Lilongwe kukadandaula za ndalama yomwe yabedwa kale. Pakutha pa chaka muzitiuzanso poyera kuti madandaulo analowa angati, ndi angati munawamaliza, ndani analipitsidwa. Lamulo loti silinalumepo munthu anthu saliopa.

Ife sitinadikire inu kuti tiyambe. Maejenti tadula makatoni, timaphimba tsamba lonse la buku nkusiya kawindo ka mzere umodzi woti kasitomala asaine, katoni ya sopo yomweyi, palibe ndalama yomwe yalowapo. Poyamba anzathu ena ankati tikuchedwetsa mzere, pano makasitomala akumafunsa okha kwa ejenti wina kuti bwanji inu buku lanu lili pambalambanda, ndipo funso limenelo lasintha matebulo ambiri kuposa zolemba zanga zonse za pa Facebook. Pa fotokope ndimauza aliyense kuti alembe ndi bolopeni modutsa pa kope ya chiphaso chake kuti iyi ndi ya kufunsira ntchito kwakuti, tsiku lakuti, kuti wina akaitola asakatengere ngongole kapena kulembetsera simu khadi mu dzina lake. Amayi a banki mkhonde akumatenga mphindi zisanu asanayambe kusonkha kukumbutsana kuti pini siuza munthu olo atatchula dzina la agogo ako, ndiponso kuti chiphaso sichisiyidwa kwa wakatapila kapena kwa venda wa feteleza. Chomwe chatitengera nthawi ndi makalata. Tikulembera malo omwe ali ndi mbiri zathu kuwafunsa kuti mukusunga chani, munapatsako ndani, mapepala akale mumataya bwanji. Timalemba makope awiri, imodzi timasiya, inayo timapempha sitampu ndi deti nkubwerera nayo. Ena amatilandira bwino, ena amatiyang'ana ngati tabwera kudzayambitsa ndewu, kwina anatiuza kuti bwana kulibe maulendo atatu. Sitikwiya, timangolemba tsiku mu buku lathu nkubwereranso. Ku maofesi a boma tikugwiritsa ntchito lamulo la Access to Information lomwe linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, lomwe limapereka masiku 15 ogwira ntchito kuti ayankhe, ndipo akapanda kuyankha tikudziwa kuti kuli a Malawi Human Rights Commission. Ndi ntchito yotopetsa, ilibe malaiki, koma pepala la sitampu silifufutika ngati mesiji ya mu gulupu.

Tsopano ndifike pomwe pakundivuta kwambiri, ndipo a MACRA mundikhululukire ndilankhula mosabisa. Inu ndinu amene munagula makina aja a CIRMS omwe anthu anawatcha makina aukazitape, munati ndi oonera ngati makampani a mafoni akupereka ntchito yabwino ndi kulipira zoyenera, anthu anakaniza kukhoti, nkhani inatenga zaka mpaka Supreme Court inakulolani. Kumayambiriro kwa 2025, chaka cha chisankho, tinamvanso kuti mukufuna kugula kwa kampani ya ku Ghana makina a ndalama pafupifupi madola 1.5 miliyoni ounikira nkhani zabodza pa masamba a mchezo. Mwina zolinga zanu nzabwino, nkhani zabodza nazo zatipweteka, sindikukana. Koma taganizani mmene zikuonekera kwa ife. Amene ali ndi makina oyang'ana ndi yemweyonso tauzidwa kuti tizikadandaula kwa iye tikaona kuti tikuyang'anidwa, ndipo bodi yake imasankhidwa ndi Pulezidenti. Olo kumudzi mfumu siweruza mlandu wa mbuzi yomwe yapezeka mu khola lake. Ngati palibe chobisa tiuzeni mu chilankhulo chomveka kuti makinawo amaona chani ndipo saona chani, amaloleza ndani kuti munthu wakuti ayang'anidwe, zomwe apeza zimasungidwa nthawi yaitali bwanji, ndipo ndani wa kunja kwa ofesi yanu amene amabwera kudzaona ngati mukutsata zimenezo.

Aphungu athu, a muno mu Zomba makamaka, apa ndi panu. Lamulo munalipanga ndinu ndipo mukhoza kulikonza. Tikufuna ofesi yoteteza mbiri za anthu ikhale payokha, yosadalira amene ali ndi makina, yoti ikhoza kufufuza ngakhale boma lenilenilo. Chifukwa wosunga mbiri zathu wamkulu kuposa onse ndi boma, ndipo mu Febuluwale 2024 a Lazarus Chakwera ali Pulezidenti anauza Nyumba ya Malamulo okha kuti akuba a pa kompyuta alowa mu makina a mapasipoti ndipo akufuna dipo, anthu anakhala masabata osalandira mapasipoti. Ngati zinachitika kumeneko zikhoza kuchitika kwina kulikonse komwe kuli zala zathu ndi nkhope zathu, ndipo pini umasintha koma chala sungasinthe. Imani mNyumbamo mufunse nduna kuti mbiri za a Malawi zikusungidwa kuti, makampani akunja omwe amapatsidwa makontilakiti amatha kuona zingati, kontilakiti ikatha amasiya kapena amapita nazo. Funso limodzi lotere lolembedwa mu Hansard, buku la zokambirana za mNyumba ya Malamulo, likhoza kutithandiza kuposa mabokosi a maliro omwe mumatigulira. Ndipo poti nthawi ya kampeni anyamata amayenda mmidzi kulemba manambala a ziphaso za anthu powalonjeza thandizo, yambani ndi zipani zanu zomwe, mabuku amenewo ali kuti pano?

Musaganize kuti izi ndikunenera chipani chimodzi. Maboma asinthana ife tikuona, aliyense akakhala kotsutsa amalira kuti akumumvetsera pa foni, akalowa m'boma makina omwewo amawakonda. Nchifukwa chake ndikupempha kuti mumange lamulo lolimba lero, poti simudziwa mbali yomwe mudzakhale mawa.

Kwa apolisi ndili ndi mawu ochepa. Foni ya munthu lero ndi chipinda chake chogona, muli zithunzi za ana, mauthenga a kuchipatala, mikangano ya m'banja, ndalama. Kulowa mmenemo pazifunika chilolezo cha khoti chonena chomwe mukufuna, osati kungoti tsegula tione. Mu Epulo 2022 mtolankhani Gregory Gondwe anasungidwa kupolisi, foni ndi kompyuta yake zinatengedwa pofuna kudziwa amene anamupatsa chikalata, dziko lonse linamva chifukwa ndi mtolankhani ndipo anzake anachita phokoso. Nanga mnyamata wa ku Chinamwali amene alibe womulankhulira? Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 taliona likuthamanga kwambiri munthu akanyoza wamkulu pa WhatsApp. Tikufuna tilione likuthamanga chomwecho mtsikana akafalitsiridwa zithunzi zake za kuchipinda ndi chibwenzi chakale. Mlongo wake wa mnyamata wa kabaza uja anasiya sukulu nkupita kwa azakhali ake kumudzi chifukwa samatha kuyenda mumsewu, amene anafalitsayo akuyenda mtauni muno bwinobwino.

Apa ndilankhulenso ndi anzanga amene muwerenge kalatayi pa foni, chifukwa mlandu wina ndi wathu. Zithunzi za mtsikana uja sizinayende zokha, tinatumizirana ife, amayi a mvano ndi madikoni omwe, uku tikuti taonani ana a masiku ano. Sikilinishoti yomwe imamangitsa munthu imachokera mu gulupu momwemo, kwa mnzake amene amadya naye. Munthu akachita ngozi pa msewu wa ku Liwonde chithunzi cha mtembo chimafika kwa mkazi wake achibale asanafike kudzamuuza mwaulemu. Timajambula mndandanda wa odwala, wa olephera mayeso, wa ongongola, nkuponya mu gulupu la anthu 200. Kale kazitape amalembedwa ntchito nkumalipidwa, lero tikuigwira ntchitoyo ulere ndi bandulo yogula tokha. Sitingapite kwa a MACRA ndi nkhope yowongoka ngati ife eni sititha kugwira chala.

A khonsolo, gawo lanu ndi lophweka kuposa onse. Ndinu amene mumapereka malaisensi a bizinesi muno mtauni. Ikanipo mzere umodzi woti aliyense wosunga mafomu a anthu, kaya ndi shopu ya fotokope ngati yanga, kaya ndi obwereketsa ndalama, kaya sukulu, kaya malo ogona alendo, asagulitse kapena kutaya mapepala amenewo osawaononga. Tipatseni malo amodzi oti tizikawotcherako mosaopseza nyumba za anthu. Amayi a zitumbuwa musawathamangitse chonde, iwo alibe mlandu, amagula pepala lomwe lapezeka, vuto lili kwa ogulitsa pepalalo. Ndipo makhansala mukamachititsa misonkhano ya mmawadi tipatseniko mphindi khumi, tibwera ndi katoni yathu kudzaonetsa anthu.

Pepala lija sindinaliwotche. Ndinalisunga masabata awiri ndikulimbana ndi mtima, kenako ndinapita nalo kwa mayi uja kunyumba kwake madzulo, ndinamupatsa ndikumuuza komwe ndinalipeza. Anakhala chete nthawi yaitali atagwira pakamwa, kenako anandifunsa kuti ndi mapepala angati otere omwe anapita mumsika tsiku limenelo, ine ndinalibe yankho. Loweruka lotsatira anabwera pa khonde paja osaitanidwa, ndipo ndi iyeyo amene anapita yekha ku ofesi ija ndi makope awiri a kalata yake kukafunsa kuti fomu yake inatuluka bwanji. Sitampu anamudindira, yankho akudikirabe, masiku tikuwerenga limodzi.

Kalata inoyi tiisindikizanso pa pepala. Lachiwiri mmawa tidzaisiya ku ofesi ya DC, ku khonsolo ndi kwa aphungu athu, ya a MACRA tidzatumiza pa positi yolembetsa kuti pakhale lisiti. Tidzabwera anthu ochepa, opanda zikwangwani, opanda miyala, mayi uja ndi amene adzanyamule envulopu. Chonde muwauziretu a pa resepishoni kuti tidzafuna sitampu ndi deti pa kope yathu, ndipo pakatha masiku 15 ogwira ntchito tidzabweranso kudzamva.

Ine wanu,
Mayi wa fotokope, pafupi ndi depoti, Zomba